Mnyamata amene ankakana kukankha wamkulu

Thoko ndi Mphatso, ana anga, mwakhala mukundifunsa kuti mayi wamfupi ngati ine, amene sanaponyepo mpira wa basiketibolo n'kamodzi komwe, ankafunako chiyani pakati pa zimphona zija. Lero poti ndapuma pa ntchito ndipo nthawi ndili nayo yambiri, ndikuyankhani. Ndalemba m'Chichewa dala. Mukavutika kuwerenga mulimbe nazo, musandiimbire foni kuti ndikumasulireni.

2001, Croydon

Ntchito yanga yoyamba ku England inali ya kunyumba yosamalirako okalamba ku Croydon. Kumudzi ndinali namwino weniweni, wa yunifolomu yoyera, koma nditafika kuno anandiuza kuti mapepala anga ayambe ayenda m'maofesi, ndipo anayendadi mpaka ine ndinatopa kuwadikira. M'menemo ndinkasambitsa, kudyetsa ndi kunyamula agogo a eni ake. Ntchitoyo sindiinyoza ayi, ndi imene inakubweretsani kuno inu awiri. Koma bwana wathu, mayi wina wosadziwa kuseka, ankatisiya anthu ochepa pa ntchito ya anthu ambiri, ndipo makina onyamulira odwala ankakhalira kuwonongeka. Msana wanga unayamba kudandaula. Dokotala anandiuza mosapsatira kuti ndikapitiriza kunyamula anthu, posachedwa wonyamulidwa ndikhala ine. Ndiye ndinalembetsa kosi ya madzulo pa koleji ina, yophunzira kutikita minofu ndi kumanga mabandeji anthu a masewera, ndikuganiza kuti mwina ndidzapeza malo pa kiliniki. Mulungu anali ndi zake. Mnzanga wa kutchalitchi, amene mwamuna wake ankayendetsa minibasi ya timu ina, anandiuza kuti kalabu ya basiketibolo cha ku Lewisham ikufuna munthu. Nditafunsa kuti munthu wa ntchito yanji, anati munthu wa ntchito zonse.

2003, Lewisham

Sananame. Ndinkachapa majezi, kudzaza mabotolo a madzi, kumanga akakolo ndi mawondo, kutikita misana, ndipo wina akang'ambika pa chikope ndine ndinkathamanga ndi thonje. Kalabuyo inali ya mu ligi yaikulu, osewera ake olipidwa, koma umphawi wake munthu sungakhulupirire. Holo inali yobwereka. Nthawi yathu ikatha ankalowa azimayi okalamba a badimintoni, ndipo amuna aatali ngati zitseko ankatola zikwama zawo mwakachetechete n'kutuluka. Tepi yomangira ikatha ndinkachapa mabandeji akale n'kuwayanika pa hita. Ayisi woika pa zotupa ndinkakapempha kwa bambo wina wogulitsa nsomba pa msika, moti osewera athu ankapola ndithu koma akununkha makerele.

Kochi wathu anali a Martin, mzungu wa kumpoto, wa mawu ngati wolengeza maliro. Sanali munthu woipa. Ankangokhulupirira kuti wosewera amene sakuyang'ana m'maso ndiponso sakukuyankha ukamukalipira ndiye kuti wagona kapena akukudelera.

Amene anandilandira bwino kuposa onse anali kaputeni, Desmond. Mukumukumbuka, ndi uja anakupatsani majezi okufikani m'mapazi mutangofika kumene. Anabadwira konkuno, makolo ake anachokera ku Jamaica, ndipo anali ndi mkazi ndi ana aakazi awiri. Ndi iye anayamba kunditchula kuti Mama, ena onse n'kutengera. Ankandilanda matumba a zochapa pokwera masitepe, ndipo tsiku lina mlendo wa timu ina atandilankhula mwachipongwe, Desmond anangoimirira pafupi naye osanena kanthu mpaka munthuyo anapepesa. M'mawa uliwonse woyamba kukwera pa tebulo langa anali iye, chifukwa mawondo ake ankafuna nthawi. Anali atapitirira zaka makumi atatu kalekale, ndipo mawondowo ndinkawadziwa kuposa mmene mkazi wake ankawadziwira.

Malo amene Desmond ankasewera amawatcha power forward, koma ife tinkangoti namba folo. Ntchito ya namba folo ndi kulimbirana malo pansi pa golo. Mpira ukagunda chitsulo n'kubwerera, iye akhale woyamba kuugwira, ndipo kuti atero amamufulatira mnzake, kumutsekereza ndi msana, n'kumukankha ndi chiuno ndi matako mpaka asunthe. Ine kusekondale ndinasewerako ntchembere mbaye, kumene ukangomugunda mnzako wezulo walira, choncho masiku oyamba ndinkaona ngati anthuwa akumenyana ndipo palibe woleretsa.

Seputembala 2005

Chaka chimenecho kunabwera mnyamata watsopano woti ayesedwe. Anali wamtali kuposa Desmond, wa manja ngati mafosholo, koma ankayenda mowerama ngati akupepesa chifukwa cha msinkhu wake. Nditamupatsa thaulo, analandira ndi manja awiri, mawondo atapinda pang'ono. Mu holo monsemo munalibe munthu wolandira chinthu motero. Ndinamufunsa m'Chichewa kuti kwanu n'kuti, ndipo anatsala pang'ono kugwetsa thaulolo.

Dzina lake linali Kondwani. Bambo ake anamwalira ali wamng'ono, analeredwa ndi amalume ake, mphunzitsi wa ku Ntcheu, ndipo mayi ake, amene anali namwino pa chipatala china konkuno, anamuitanitsa atamaliza sekondale. Mpira anauphunzira mochedwa, pa koleji, koma thupi ndi mtima wolimbikira anali nazo. Kalabu inamupatsa mpaka Khirisimasi kuti aonetse zimene angathe. Tonse tinkadziwa tanthauzo lake, ngakhale palibe ankalinena mokweza. Kalabu yosauka ngati yathu sikanasunga anamba folo awiri mpaka kalekale. Kondwani akakhoza, Desmond akhala pa benchi ndipo chaka chamawa samulembanso. Kondwani akalephera, abwerera kukapakira makatoni ku weyahausi kumene ankagwirako ganyu, ndipo Desmond apeza chaka china.

Masabata oyamba anali owawa. Mpira wa pa koleji ndi wa anthu olipidwa ndi zinthu ziwiri zosiyana. Kuno chilichonse chinali chachangu, ndipo kaseweredwe kalikonse kanali ndi dzina lake loti uloweze. Kochi akafuula dzina lina, Kondwani ankathamangira kumanzere anzake onse ali kumanja. Ankatopa msanga, ankachita mafaulo opanda pake, ndipo m'maulendo aatali a pa minibasi miyendo yake inkachita dzanzi chifukwa inalibe poiika. Koma zonsezi ankazigonjetsa pang'onopang'ono. Ankafika woyamba kukanyamula zitsulo, ankatsalira kuponya mpira mpaka azimayi a badimintoni amuthamangitse, ndipo anasiya kudya tchipisi za pa siteshoni nditamuopseza kuti ndikauza mayi ake.

Zinthu ziwiri zokha ndi zimene sizinkasintha. Choyamba, a Martin akamukalipira, Kondwani ankaika manja kumbuyo n'kuyang'ana pansi. Akamuuza kuti awayang'ane, ankadzutsa maso kamphindi n'kuwagwetsanso. Chachiwiri chinali chachikulu. Pokonzekera masewera, tsiku ndi tsiku, amene ankalimbana naye pansi pa golo anali Desmond, ndipo apo Kondwani ankasanduka bulangete lonyowa. Anyamata anzake ankawakankha mpaka kukagunda khoma, koma akangomva kuti kumbuyo kwake kuli Desmond, thupi linkafewa, n'kupatuka, mpira n'kupita. Anzake anamupatsa dzina loti Abusa. Ndipo poti nthawi yosewera pa gemu yeniyeni munthu amaipeza ndi zimene waonetsa pokonzekera, Loweruka lililonse Kondwani ankangotenthetsa benchi.

Tsiku lina ndikumumanga kakolo ndinamufunsa kuti vuto n'chiyani. Anayamba wazungulira, kenako anati, "Amayi, aja ndi akulu. Ali ndi banja, ali ndi ana. Ine ndiwalozetse matako, ndiwagwetse pansi anthu akuona?"

Ndinamuuza kuti asandiseketse, awa ndi masewera ndipo akulipidwa kuti azikankha anthu. Anavomera kuti mutu wake ukudziwa zimenezo bwinobwino, koma ikafika nthawiyo thupi limakana lokha. Amalume ake anamulera kuti wamkulu akamadutsa umapatuka, akakhala pa mpando iwe umakhala pansi, ndipo zimenezo sizichoka chifukwa wavala jezi. Ndinamukalipira, ndinamunyengerera, ndinamupempherera, koma osaphula kanthu. Kunena zoona, mkati mwanga ndinkamunyadira. Inu awiri nthawi imeneyo munali mutayamba kale kundiyankha kuti "what" ndikakuitanani.

Za maso zija ndinawafotokozera a Martin, kuti kwathu mwana woyang'ana wamkulu m'maso pamene akudzudzulidwa ndiye wamwano. Anadabwa, anandithokoza, ndipo anasiya kumuvutitsa pa zimenezo. Koma anandiuzanso zoona zake, kuti maso atha kuwapirira, koma namba folo wopatukira anthu alibe naye ntchito, ndipo zikapitirira chonchi pa Khirisimasi amutsanzika.

Novembala 2005

Mankhwala ake ndinkawadziwa, ndipo n'chifukwa chake ndinasowa mtendere. Mwana woleredwa ngati Kondwani sakhala pa mpando wa wamkulu chifukwa choti wina wapambali wamuuza kuti khala. Amakhalapo mwini mpandoyo akamulamula. Kochi akanatha kufuula mpaka mawu kutha, ine ndikanatha kulalata mpaka Yesu kubwera, koma munthu mmodzi yekha amene akanamumasula anali Desmond. Ndipo kumuuza Desmond kunali kumupempha kuti atsegule yekha chitseko chimene atulukire.

Ndikanatha kukhala chete. Palibe akanandiimba mlandu, ine ndinali wochapa majezi. Desmond anali mnzanga, anandichitira zabwino zambiri, ndipo ana ake ankandithamangira akandiona. Koma Lamulungu lina ku tchalitchi ku Tottenham ndinakumana ndi mayi ake a Kondwani, atangoweruka ku ntchito, maso ali psuu. Anandigwira dzanja n'kunena kuti mwanayo amupereka m'manja mwanga, ndipo akuthokoza kuti kumeneko kuli munthu wa kwathu. Ndinabwerera pa sitima mtima uli wolemera. Ndinaona kuti mnyamatayu ataya ntchito chifukwa cha ulemu, chinthu chimene ife tomwe makolo timawaphunzitsa, ndipo Desmond apambana mpikisano umene sakudziwa n'komwe kuti mnzakeyo sakupikisana nawo. Ndinaganiza kuti Desmond ndi munthu wamkulu, ayenera kudziwa, ndipo chochita asankhe yekha.

Ndinamuuza m'mawa wina ali pa tebulo, tili awiri. Poyamba anaseka kwambiri, ankaganiza kuti mnyamatayo amangomuopa. Nditafotokoza bwino za kwathu, za kupatuka ndi za mpando, kuseka kunatha.

"Mama, mukudziwa chimene mukundipempha?"

"Ndikudziwa. Koma sindikukupempha, ndikungokuuza mmene zilili."

"Nanga mawondo angawa mukuwaona bwanji? Musandinamize."

"Chaka chino amaliza. Chamawa sindingakulonjeze."

Anatsika pa tebulo bandeji imodzi ndisanamalize, n'kutuluka. Masiku otsatira sanabwerenso kwa ine. Ankadzimanga yekha pa kona, mokhotakhota, ndipo akandidutsa ankangogwedeza mutu. Zinandipweteka kwambiri, ana anga. Ndinkachapa majezi misozi ili m'maso, ndikudzifunsa kuti ndinalowereranji nkhani za amuna. Pabwalo zinthu zinali chimodzimodzi, Kondwani akupatuka, Desmond akutenga mipira, Khirisimasi ikuyandikira.

Disembala 2005

Linali tsiku wamba lokonzekera, kunja kukuzizira koopsa. A Martin ankaponya mpira dala kuti ugunde chitsulo, awiriawiri azilimbirana. Itafika nthawi ya Desmond ndi Kondwani, zinachitika zomwe zija. Koma ulendo uno Desmond sanabweze mpira kwa kochi. Anaukhumbatira pa chifuwa, n'kundiitana kuti ndilowe m'bwalo. Ndinalowa ndi botolo la madzi m'manja, osadziwa kuti akufuna chiyani. Anati zimene anene ndimuuze mnyamatayo m'chilankhulo chathu, chifukwa m'Chingerezi zikuoneka kuti zimangothera m'makutu.

Analankhula mosakweza mawu, ndipo ine ndinamasulira. Ndinati, "Kondwani, akulu akowa akuti ngati ukuwatengadi ngati akulu ako, uwamvere. Akukulamula kuti uwachotse pamene aimapo. Akuti ukamawapatukira ukuwasandutsa nkhalamba pamaso pa anzawo, ndipo umenewo ndiye mwano."

Mnyamata uja Chingerezi ankachimva kuposa ine, ndipo anali atamva yekha mawu onse. Komabe anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Ateredi, amayi?"

Ndinati ateredi.

Mpira woyamba anakankha mwamanyazi. Desmond anamumenya pa chifuwa ndi chikhatho n'kuuza kochi kuti aponyenso. Wachiwiri anakankhako ndithu, koma Desmond, poti anali nkhwantha pa ntchitoyi, anamuzembera n'kuutenga, ndipo anamufunsa ngati kwawo akulu akatuma mwana amagwira ntchito theka. Kenako mpira unakweranso. Ndinaona Kondwani akutsitsa chiuno, miyendo atatangadza, msana wonse n'kuutsamiritsa pa Desmond, ndipo anabwerera m'mbuyo ngati lole. Desmond anagwa chagada, phokoso lake holo yonse inamva. Aliyense anaima. Mpira unadunda wokha n'kugubuduka, chifukwa Kondwani sanautenge n'komwe. Anali atagwada kale pambali pa Desmond, manja onse awiri atatambasula kuti amudzutse, akupepesa m'zilankhulo ziwiri.

Desmond ali chigonere pansi anamuyang'ana n'kunena kuti, "Mpira kaye. Ine uzinditola pambuyo."

Mawa lake m'mawa ndinamupeza Desmond atakhala pa tebulo langa, miyendo ili lende, akudandaula kuti ndachedwa. Sitinakambe za nkhani ija. Ndinamasula zimene anadzimanga, ndinamunyoza kuti ngakhale mbuzi samanga chonchi, ndipo ndinamumanga bwinobwino.

Kuyambira pamenepo Desmond anamutenga Kondwani ngati ntchito yake. Anamuphunzitsa poika mapazi, mogwiritsira ntchito zigongono woimbira asaone, ndi kudziwa kumene mpira ugwere pongoyang'ana mmene wachokera m'manja mwa woponya. Anamukakamiza kufuula poteteza golo, chifukwa namba folo amaona bwalo lonse ndipo ayenera kuchenjeza anzake. Mawu a Kondwani atayamba kumveka mu holo, tinadabwa kuti Abusa anali ndi kukhosi kotere. Gemu yomaliza Khirisimasi isanafike a Martin anamulowetsa nthawi yaitali, ndipo anatola mipira pansi pa golo ngati akutola mango. Sabata yomweyo anamuitana ku ofesi n'kumulemba ntchito. Anabwera kuchipinda changa chochapira kudzandiuza, anakhala pa dengu la majezi akuda, n'kulira ngati mwana.

2006

Zimene tinkaziopa zinachitika. Chaka chatsopano chitayamba, woyamba kulowa m'bwalo anali Kondwani, Desmond n'kumalowa mnzakeyo akatopa. Nyengo ya masewera itatha, kalabu sinamulembenso Desmond. Panalibe phwando lalikulu, tinangodya nkhuku ndi mpunga mu holo momwemo azimayi a badimintoni asanafike. Anavutika miyezi ingapo asanapeze ntchito yophunzitsa masewera pa sukulu ina, ndipo ndikudziwa kuti pakhomo pake sipanali pophweka nthawi imeneyo. Tsiku limene anabwera kudzatenga katundu wake ndinalimba mtima n'kumufunsa ngati anandikwiyira. Anati anakwiya kwambiri, ndipo akanakonda ndikanakhala chete. Koma anatinso zaka zonse zimene anasewera mpira, anyamata atsopano ankabwera akumuyang'ana ngati mtengo woti augwetse, ndipo uyu yekha ndi amene anamuona ngati munthu wamkulu. Anati munthu wotero sakanamulola kukapakira makatoni.

2009

Ine ndinagwirabe ntchito pa kalabupo mpaka chaka chimenechi, pamene manja anayamba kukana kutikita minofu ya zimphona. Ndimathokoza Mulungu chifukwa cha ntchito imene ija. Sinandilemeretse, koma inandipatsa ana aamuna ambiri amene mpaka lero akandiona pa basi amandipatsa mpando. Kondwani anali atakhala mzati wa timu, ndipo matimu akunja anali atayamba kumufunsira.

Chaka chomwecho anapeza mbeta, mtsikana wa ku Zimbabwe amene agogo ake anachokera ku Dedza, ndipo akwawo anafuna kuti zonse ziyende mwa mwambo. Amalume ake a Kondwani anakanika kubwera chifukwa cha mapepala, choncho panafunika munthu woima ngati nkhoswe ya kuchimuna. Amuna a kwathu ku tchalitchi analipo ambiri, ena anali atayamba kale kusita masuti. Kondwani anasankha Desmond. Desmond anandiimbira foni ali ndi mantha, kufunsa kuti nkhoswe imatani. Ndinamuuza kuti imalankhulira mnyamata kwa akuchikazi, ndipo awiriwo akadzakangana m'nyumba, woyamba kuitanidwa ndi iyeyo. Anati bola kulimbana ndi anthu pansi pa golo, koma anavomera.

Chinkhoswe chinachitikira mu holo ya tchalitchi ku Croydon. Inu munalipo, koma munali otanganidwa ndi mafoni anu. Ine anandikhazika pafupi ndi Desmond kuti ndizimunong'oneza zochita. Itafika nthawi yolangiza, Kondwani anabwera ndi suti yake, munthu wamtali kuposa aliyense m'chipindamo, n'kugwada pansi pamaso pa Desmond, manja pamodzi, maso pansi. Desmond anawerama n'kundinong'oneza kuti ndimuuze mnyamatayo adzuke, mwambo umenewu tinathana nawo kalekale, ndiponso mawondo ake akumva kuwawa pongomuona.

Ndinamugwira dzanja n'kumuuza kuti, "Ayi, lero musiye agwade. Pano si pabwalo."